Kunsi kwa Chitseko cha Hidaya

Ku Mangochi kuno kalipentala aliyense amadziwa kukhoma chitseko, koma wodziwa kutseka kunsi kwake alipo mmodzi, Che Swadick. Amakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, pakati pa matayala akutha, machubu ong'ambika ndi malamba otayidwa a pachigayo. Odutsa amati mdala uja amakhalira kulondera zinyalala. Zinyalala zake ziti! Kafunseni mkazi wa mphunzitsi amene wangofika kumene kuchokera ku Dedza, wapatsidwa nyumba ya chitseko cholekeza m'malere, n'kudzuka m'mawa kupeza chinkhanira mu nsapato ya mwana, fumbi la mwera lili mbuu pabalaza, makoswe atachita phwando m'thumba la ufa. Sabata yomweyo mumupeza wafika pansi pa mango paja, akufunsa kuti a zitseko aja ndi ati.

Ntchito yawo ndi yogwada. Akafika pakhomo amagwada, kupisa zala pampata wa kunsi, kenako kuyamba kukudzudzulani m'nyumba mwanu momwe. Chiguduli chimene mwatsekapo amachinyamula ndi zala ziwiri. "Ichi ndi cha alesi," amatero. "Chikanyowa chimanunkha, ndipo khoswe amayesa mwamuyalira bulangete." Mphira ya tayala amakhomera a nyumba zozira ndi a magolosale, chifukwa pa simenti yopaka polishi wofiira imakanda, ndipo mayi wa pakhomopo angakutukwane mpaka kwa agogo ako. Pamenepo pamafunika chubu, chofewa, ngakhale dzuwa la kuno limachiswa pakatha zaka ziwiri. Lamba wa pachigayo ndiye amamulemekeza, ati amatha maukwati iye akadalipo. Za maburashi a kunsi kwa chitseko ogula m'sitolo musawayambe dala. "Khoswe wa kunyanja amapesera ndevu zimenezo."

Mpata ukakula kwambiri amalumikiza thabwa, ndipo pamenepo ali ndi lamulo limene sanaliphwanyepo kupatula kamodzi. Thabwalo amaliviika mu oilo wakuda wa galimoto masiku atatu. Polikhoma amasiya kampata kolowa timitengo tiwiri ta machesi, n'kukaphimba ndi chubu, ndipo kachiunda ka simenti ka pansi pake amakapendeketsera kunja kuti madzi azithawa. "Thabwa limamwa madzi n'kutupa," amauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. "Ukalimana malo, lidzawatenga lokha."

Koma nanga munthu wodziwa matabwa chotere bwanji sapanga zitseko? Nkhani yake ili ku Chowe.

Che Swadick kwawo ndi ku Nkope, mwana wa msodzi, koma iwo ankasanza akangoponda m'bwato. Bambo awo ataona kuti apa palibe msodzi, anawapereka kwa mmisiri wokhoma maboti, ndipo kumeneko ndi kumene dzanja lawo linazolowera sowo. Atakula anakwera mapiri kukakwatira ku Chowe, kwa Hidaya, chikamwini monga mwa mwambo. Chaka choyamba anamanga nyumba, ndipo chachiwiri anagwetsa mlombwa, kuucheka okha, kuuyanika pamthunzi miyezi isanu ndi umodzi, n'kupanga chitseko chimene pochikweza anachigwira amuna anayi. Anthu ankachoka ku midzi ina kudzangochigogoda kuti amve kulira kwake.

Hidaya yekha ndiye sankachiopa. Akamachokera kumjigo, ndowa ili pamutu, mwana kumbuyo, ankachikankha ndi phazi.

"Amayi a Zena, chitseko sachimenya theche," ankadandaula amuna ake.

"Ndiye mundipangire dzanja lachitatu, inu a matabwa," ankayankha akuseka.

Zaka khumi ndi zinayi za phazi limodzi pamalo amodzi si masewera. Pakona ya kunsi, mbali ya loko, panada, panasalala, panachita kadzenje kokwana chala chachikulu cha kuphazi.

Hidaya anadwala m'dzinja, msewu wolowa m'mudzi utadyeka ndi madzi. Galimoto inakana kulowa, choncho anazula chitseko chija, kumugoneka pamenepo, n'kumunyamula mpaka kumsewu waukulu. Patatha masiku awiri anabwerera pachitseko chomwecho, atafundidwa kumaso. Tsikulo thabwa losambitsira maliro la kumzikiti linali litapita ku maliro ena, ndiye amayi anamusambitsira pachitseko pomwepo. Ataika maliro, Che Swadick anachikhomanso okha pafelemu, osalola munthu kuwagwirira.

Kenako kunabwera Zubair, mchimwene wake wa Hidaya. Ulemu womutchula kuti Che tiwasiyira ena, ife sitimupatsa. Anatulukira kuchokera ku Joni maliro atapita kale, magalasi akuda kumaso, masutikesi atatu, mafuta onunkhira mpaka mbuzi kuyetsemula. Atatha masiku makumi anayi anaitanitsa mlamu wake pabwalo.

"Alamu, ntchito yanu kuno yatha. Takumasulani, muzipita bwino."

Che Swadick sanakane. Mwambo ankaudziwa, ankadziwanso kuti Zena, mwana wawo mmodzi yekhayo wa zaka khumi ndi ziwiri, ndi wa mbumba ya kuchikazi. Sanapemphe malata, sanapemphe mbuzi zimene anaweta okha. Anapempha chitseko basi.

Zubair anaseka mpaka kuvula magalasi. "Kodi pobwera kuno munachisenza kuchokera ku Nkope? Mtengowo unamera m'dothi la kwathu. Mkamwini amabwera ndi bulangete, amachoka ndi bulangete."

Anthu anali pomwepo, ndipo ena anaseka nawo. Che Swadick anamanga bokosi la zipangizo panjinga n'kutsika phiri, mtima uli chithupsa.

Chaka chisanathe Zubair anamanga nyumba yake m'mbali mwa msewu, n'kukazula chitseko cha mlongo wake kuti akakongoletsere khomo lake. Tsoka ilo khomolo linafupika. Munthu wanzeru akanagumula njerwa mzere umodzi. Iye anabwereka sowo yobuntha n'kudula mlombwa kunsi, mokhota, mopitiriza muyezo, mpaka kusiya mpata wa zala zinayi mbali ina ndi ziwiri mbali inayo. Che Swadick atamva, anagona masiku awiri osadya. Kuchokera tsiku limenelo sanapangenso chitseko china. Anasanduka wa kunsi kwa zitseko za eni ake. Msomali uliwonse umene ankakhoma, mumtima ankaukhomera pachipumi pa Zubair. Mwezi wa Ramadani ukafika ankakhululukira anthu onse, ngakhale wakuba amene anawabera hamala, koma pamndandandapo dzina limodzi linkatsala chaka ndi chaka.

Zaka zinakwana khumi. Zena anakula, anakwatiwa, n'kumakhala m'nyumba yakale ija ya mayi ake, ya chitseko cha matabwa wamba chimene bambo ake anadzachitseka kunsi iye akuonerera. Ndi iyeyo amene anaimba foni mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Baba, amalume akuti mubwere mudzaone chitseko chawo."

"Chawo?"

"Chija, Baba. Azakhali a Subira atopa. Akuti achule akugona pansi pa bedi."

Subira, mkazi wa Zubair, anali atayesa zonse. Chiguduli makoswe anadya. Njerwa anapunthwa nazo alendo. Burashi imene Zubair anaitanitsa ku Joni inangolendewera m'malere, osafika pansi n'komwe. Aliyense ankati itanani Che Swadick, ndipo pomaliza Zubair anavomera, osati chifukwa cha achule ayi, koma atakumbukira kuti ntchitoyo ndi yogwada.

Anakonzekera ndithu. Che Swadick pofika anapeza mpando wa pulasitiki uli pakhonde, pafupi penipeni ndi khomo, Zubair atakhalapo, miyendo atatambasula.

"Alamu! Mwakalambatu. Kodi ndi matayala aja akukudyani?"

"Ndi zaka, alamu."

"Gwadani tione. Akuti ndinu dokotala wa zitseko."

Anagwada, mphuno zawo pafupi ndi nsapato za Zubair. Ndipo ali chigwadire anachiona. Sowo ija inadula kadzenje ka phazi la Hidaya pakati, koma theka linatsala, lakuda, losalala ngati kale. Anaikapo chala. Akanakhala munthu wa phuma bwenzi hamala itagwira ntchito ina tsikulo. Koma anameza mkwiyowo. Mnzako akakuti konzu, nawe umuti konzu, ndipo sikuti mpaka tsiku lomwelo.

Anayang'ana nyumba yonse ndi diso la mmisiri. Mawindo onse anali owotcherera zitsulo. Khomo la kuseri Zubair analitseka ndi njerwa, mantha a akuba amene anabwera nawo ku Joni. Polowera ndi potulukira panali pamodzi pomwepa, ndipo denga linalibe chotchinga mvula ya kum'mawa.

"Pali njira zingapo," anatero mofatsa. "Lamba wa pachigayo angakwane."

"Zotola kudzala pakhomo panga? Ine?"

"Ndiye pali ya mabwana. Kulumikiza thabwa latsopano, pansi kachiunda ka simenti, zogwirana kuti ngakhale nyerere ibwerere."

"Imeneyo! Ndipo ndisaone kuwala kulikonse kunsiko. Mukasiya mpata ndidziwa kuti ukalamba wakulowani m'maso."

"Simudzaona, alamu."

Anagwira masiku awiri, mwaluso limene sanaonetsepo kwina. Anasankha paini wouma gwa, wopepuka, waludzu, amene sanalaweko ngakhale dontho la oilo. Kunja anamupaka vanishi kuti afanane ndi mlombwa, koma kunsi, kosaoneka, anamusiya woyera. Kachiunda anakapendeketsera mkati pang'ono chabe, n'kusiya kakhwawa pansi penipeni pa thabwa, poti madzi otsika pachitseko azidzagona. Timitengo tiwiri ta machesi tija sanatisiyire malo. Chitseko chinkatseka mwakachetechete, kuti phaa, ndipo Subira anaomba m'manja.

Tsiku loyamba lija Zena anawabweretsera madzi akumwa, n'kuima akuyang'ana thabwa lili pamiyendo pawo.

"Baba, oilo mwaiwala?"

"Paini wa masiku ano safuna oilo."

Zena anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako anatola kapu yake n'kubwerera.

Mapulani a Che Swadick anali osavuta. Mvula ikadzabwera, painiyo adzamwa, adzatupa, adzaluma simenti, ndipo chitseko chidzakana. Palibe wina angachitsegule osachiwononga. Adzawaitana. Iwo adzalowetsa mpeni wa sowo ya zitsulo pamlumikizano, kudula misomali inayi, kugwetsa painiyo, ntchito yosatha ndi theka la ola. Kenako adzapukusa mutu n'kunena kuti chitsekochi chapindika, n'chofunika kukachiwongola ku tauni. Zubair, atachita manyazi, adzagula chachitsulo. Chitseko cha Hidaya chidzatsika phiri pa njinga yawo, ndipo ku Chowe sadzachionanso. Anagula ndi malegeni atsopano, aatali, omangira.

Ndiye anayamba kudikira mvula kuposa mlimi. Novembala anadutsa ndi mabingu opanda kanthu. Anzawo pamsika ankadabwa kuona munthu wopanda munda akungoyang'ana kumapiri n'kumatukwana mitambo. Pakati pa Disembala inagwa yowaza, Zena n'kunena pafoni kuti amalume ayamba kutsekera chitseko ndi phewa. Che Swadick tsiku limenelo anagula nyama.

Anamvanso kuti Zubair akukonza sadaka yaikulu yokumbukira zaka khumi za mlongo wake, mbuzi ziwiri, matumba a mpunga, mashehe a mizikiti itatu. Mwamuna wa malemuyo sanamuitane. Zubair, munthu amene sanaponye ndi dothi lomwe pamanda! Ankangofuna kuti anthu aone nyumba yake.

Mvumbi unayamba Lachinayi, n'kugwa masiku atatu osapuma. Lamlungu, tsiku la sadaka, kunacha kutayera, ndipo foni inalira Che Swadick akuwira tiyi.

"Baba, chitseko chakana! Amalume ndi azakhali ali mkati. Amuna asanu akankha, sichikusuntha. Bwerani msanga, kwerani njinga yamoto."

"Ndikubwera, mwanangu."

Mulungu akapatsa, amapatsa ndi manja awiri. Tsiku la sadaka lenileni! Che Swadick anakhala pansi n'kumwa tiyi wawo, kapu yoyamba, yachiwiri. Akanakwera njinga yamoto bwenzi atafika anthu asanasonkhane, ndiye phindu lake n'chiyani? Zaka khumi iwo anadikira, Zubair alephere maola anayi? Ayambe afika mashehe. Ayambe afika onse amene anaseka pabwalo paja, amuone mwini mbumba akusuzumira pazitsulo ngati nkhuku ya pamsika.

Anapopa matayala a njinga yawo yakapalasa, ngakhale anali olimba kale. Anathira oilo pa tcheni. Wa njinga yamoto wina wowadziwa anaima n'kuwafunsa ngati akupita kumtunda, iwo anati ayi, adokotala anawauza kuti azipalasa. Anawoloka mlatho akukankha, akupereka moni kwa aliyense, kufunsa za ana ndi za mbuzi zomwe. Pachitunda foni inalira m'thumba kanayi. Anaisiya ilire, akumwetulira, malegeni atsopano ali pakaliyala.

Anafika dzuwa litadutsa pamutu. Asanalowe n'komwe m'mudzi anakumana ndi amuna awiri akuseka mogwirana mapewa.

"Che Swadick, mwaphonya! Mlamu wanu lero waona zakuda. Mashehe wawalonjera pawindo, manja atatulutsa pazitsulo. Kenako m'mimba munamutentha, chimbudzi chili panja! Anavina m'nyumbamo, thukuta kamukamu, anthu mazana awiri akuonerera. Chowe sadzaiwala zimenezi."

Mtima wa Che Swadick unachita kuti myaa, kukoma kwake ngati madzi ozizira pomasula swaumu ya Ramadani. Zinaposa zimene anapempha.

"Ndiye akadali momwemo?" anafunsa.

Amuna aja anasiya kuseka. "Aa, ayi. Mwana wanu anamugwadira pawindo kuti adikire, akuti muli m'njira. Anadikira ndithu mpaka cha m'ma leveni. Kenako anakuwa kuti, ine ndidikire mkamwini? Bweretsani nkhwangwa!"

Sanamve zotsalazo. Anapalasa m'matope ngati mnyamata. Pakhomo pa Zubair panali pululu, mahinjesi awiri akulendewera pafelemu ndi tizibenthu ta mlombwa. Anataya njinga. Zidutswa! Chitseko chowazidwa chimalumikizika, iwo ndi mmisiri, angofuna zidutswa. Anayang'ana pakhonde, m'mbali mwa nyumba, palibe.

Fungo ndi limene linawauza. Mlombwa ukamapsa sununkha ngati nkhuni wamba. Analitsatira mpaka kuseri, kumene amayi ankaphika. Nkhuni zonse za sadaka zinali zitanyowa ndi mvumbi uja, zikungofuka utsi, mpunga osapsa, alendo ali ndi njala. Mtengo wouma m'mudzi monsemo unali umodzi, wouma kwa zaka zoposa makumi awiri. Unkayaka bwino zedi pansi pa miphika isanu.

Anagwada pamafuwa n'kuyamba kusolola zikuni ndi manja, amayi akukuwa kuti apsa. Ankafuna kona imodzi yokha, ya kunsi, mbali ya loko. Chikuni chilichonse chimene anatulutsa chinali khala mbali zonse.

"Inapita poyambirira, Baba. Ndi imene anayatsira."

Anali Zena, ataima kumbuyo kwawo, maso ofiira, ndipo sunali utsi wokha. M'manja ananyamula thabwa lalitali ngati mkono, mbali ina ya vanishi, kunsi koyera, lotupa, likudontha madzi, misomali inayi ili tuu.

"Ndinakuimbirani kanayi," anatero motsitsa mawu kuti amayi aja asamve. "Mumayesa mumachifuna ndinu nokha? Ine kwa amalume ndinkabwera tsiku ndi tsiku popanda chondibweretsa. Ndinkadzangoponda pomwe ankaponda amayi."

Kutsogolo kwa nyumba mashehe anali atayamba pemphero la dua, akutchula dzina la Hidaya.

"Ili lokha ndi limene lakana kuyaka, lamwa madzi kwambiri." Zena anawaikira thabwalo m'manja mwawo mopsa. "Tengani. Ndi lanu."

Che Swadick sanadikire mpunga. Anadzutsa njinga m'matope n'kuika painiyo pakaliyala. Malegeni aja anagulira chitseko chonse, ndiye pa kathabwa kamodzi anazunguliza, kuzunguliza, kuzungulizanso, koma anatsalabe aatali, akukwekwereka pansi pamene ankatsika phiri.